Kamalaya Kodulidwa ku Diresi la Kalicha

M'mudzi mwathu muno, kumapiri a Narin, mlendo akafunsa nyumba ya a Orozbek sitivutika kumulozera. Timangomuuza kuti atsate msewu wa kumadzi, pomwe akamve makina osokera akulira ndi pomwepo. Makinawo ndi akale, opukusa ndi dzanja, ndipo amamveka mpaka kumpanda, makamaka nyengo yozizira chipale chofewa chikagwa n'kutseka misewu.

A Orozbek si telala, ndipo ukawatchula choncho amakwinya nkhope. Ntchito yawo moyo wonse inali yoyendetsa lole, poyamba ya famu ya boma, famuyo itatha n'kuyamba kututa malasha. Kusoka ndi chinthu chomwe amangochita akaweruka, monga ena amakondera makhadi kapena kukangana za mahatchi. Sanagulitsepo kanthu. Koma muno mulibe nyumba yomwe simunapachikidwe chikwama cha a Orozbek: cha buledi, cha mabuku a sukulu, chonyamulira mchere wa nkhosa popita kubusa. Amasoka ndi lona wakale wa lole, majekete akutha, matumba a ufa, chilichonse chomwe singano ingalowe. Msoko uliwonse amaubwereza kawiri, poti munthu amene wakhala akumanga katundu pa lole sakhulupirira chingwe chimodzi.

Makinawo anali a mkazi wawo, Kalicha. Anamwalira asanakwanitse zaka makumi atatu, ndi nthenda ya m'chifuwa yomwe sinachedwe naye, n'kusiya mwana mmodzi, Mairam, ali ndi zaka zisanu. Monga mwa mwambo, zovala za malemu zinapita kwa amayi omwe anasambitsa mtembo. Amayiwo anagawana zonse osadziwa kuti diresi limodzi, labuluu la timaluwa toyera, mwamuna wake anali atalibisa pansi pa mpando wa lole. Maliro atatha analiika pansi penipeni pa bokosi, ndipo sanauze munthu.

Achibale anayesetsa kuwapezera mkazi wina. Iwo ankangoti, "Chaka chamawa," mpaka achibalewo anagwa mphwayi. Kenaka Mairam anayamba sukulu, epuloni yake yoyera n'kung'ambika pa waya wa mpanda. A Orozbek anapita nayo kwa mlamu wawo, mlamuyo anati asoka mawa, mawalo silinafike, mwana akupitabe ku sukulu ndi chibowo. Tsiku lina anavundukula makina a Kalicha, anawayang'anitsitsa monga amayang'anira injini ya lole, anathira mafuta pofunika mafuta, n'kuyamba kupukusa. Msoko unatuluka wokhotakhota, koma chibowo chinatsekeka.

Kuyambira pamenepo sanasiyenso. Kusekedwa ndiye anasekedwa. Amuna anzawo akawaona pa sitolo ankati, "Nanga mpango wa kumutu mwausiya kuti lero, amake Mairam?"

Iwo ankayankha osatekeseka, "Iwe, thalauza lako lang'ambika kumbuyoko. Ubwere nalo mkazi wako asanafunse komwe unakakhala."

Ndipo munthuyo ankabweradi nalo, polowera khomo lakuseri. Ife amuna a kuno ndife otero, timaseka pagulu chinthu chomwe tikachipemphe tikakhala tokha.

Mairam anakula akuvala za m'manja mwa bambo ake. Madiresi ake anali olimba mopitirira muyeso, matumba ake aakulu ngati a makaniko, koma sanadandaulepo. Anali mwana wofatsa, ndipo awiriwa ankatha tsiku lonse m'chipinda chimodzi, wina akupukusa makina, wina akulemba za kusukulu, osalankhulana koma akumvana. Za mayi ake sankafunsa, bambo akenso sankaziyamba. Aliyense ankaopa kupweteka mnzake.

Pali chinthu chimodzi chomwe a Orozbek analibe, ndipo sankadziwa kuti alibe. Kusoka anaphunzira okha, mphunzitsi wawo ali makina. Amayi a kuno amaphunzira kwa amayi awo, atakhala pansi m'chipinda momwe mwamuna salowa, ndipo pamodzi ndi msoko amaphunziranso kuti nsalu iyi siperekedwa kwa wakuti, ichi sichisokedwa nthawi yake isanakwane. Zimenezi palibe anawauza. Ndani akanakhazika pansi mwamuna wandevu zake n'kumamuuza za makhanda?

Mairam anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, kubanja la mayi Sabira, munthu wodziwa miyambo ndiponso wosabisa mawu. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Rasha ukwati usanazizire, monga akuchitira achinyamata onse. Atamva kuti mwana wawo ndi woyembekezera, a Orozbek analephera kukhazikika. Mtsikana akakhala ndi pakati, amene amatanganidwa ndi mayi ake. Iwo anati mumtima, popeza mayi kulibe, ine ndilipo. Anatsegula bokosi n'kutulutsa diresi labuluu lija. Analiyala pa tebulo, anaima nthawi yaitali sizasi ili m'manja, kenaka anadula. Ankafuna kuti chinthu choyamba kukhudza khungu la mdzukulu wa Kalicha chikhale cha Kalicha.

Anasoka kamalaya kakang'ono. M'khosi, m'mikono ndi m'munsi anapinda m'mphepete bwinobwino kuti pasatuluke ulusi ndi umodzi womwe. Sanasokepo chinthu chokongola chotero. Anakakulunga m'pepala n'kuwoloka nako mtsinje, Mairam atatsala ndi miyezi ingapo kuti achire.

Mayi Sabira anawalandira bwino. Anayala nsalu ya chakudya pansi, panabwera tiyi wamkaka, buledi ndi batala wopanga okha. Mairam ankathira tiyi atakhala chakukhomo, malo a mtengwa. Atamwa mokwana, a Orozbek anakankhira kaphukusi kwa mwana wawo. Mairam anamasula, ndipo atangoona nsaluyo manja ake anaima. Anaizindikira, ngakhale anaiona komaliza ali kamwana.

"Asewere, ichi n'chiyani?" anafunsa mayi Sabira.

"Kamalaya ka mlendo akubwerayu."

"Mlendo sanafike, inu mwamusokera kale?" Anakatenga n'kukatembenuza. "Mwapindanso m'mphepete. Malaya oyamba sapindidwa, asewere, kumeneko n'kumutsekera mwana njira. Nanga nsaluyi mwaitenga kuti? Si ya lero iyi."

"Ndi ya malemu amake Mairam."

Mayi Sabira anakataya pansi ngati agwira khala lamoto. "Uja anapita ali mtsikana uja?"

A Orozbek anavomera ndi mutu.

"Malaya oyamba timadula ku chovala cha nkhalamba, munthu woti wadya zaka zake zonse, kuti mwana atengere. Inu mwandilowetsera m'nyumba nsalu ya munthu wofa msanga, mpongozi wanga ali chonchi. Kodi kwanuko kulibe akazi oti mukanawafunsa?"

"Sindinadziwe, asewere."

"Kuipa kwa mwamuna kugwira singano n'kumeneko. Tengani mutuluke nako. Musandisiyire pano ngakhale ulusi."

Mairam sanatsegule pakamwa. Mtengwa sayankha apongozi ake pamaso pa mlendo, ngakhale mlendoyo akhale bambo ake omubala. Anangoweramitsa mutu, maso ali pa ketulo. A Orozbek anatola kamalayako, anakaika m'thumba la m'kati mwa jekete, anapititsa manja kumaso monga timachitira tikatha kudya, n'kutuluka.

Pasanapite nthawi, Mairam anayamba kumva kupweteka masiku ake asanakwane. Anathamanga naye ku chipatala cha kuboma, ndipo anabereka mwana wamkazi wochepetsetsa, wosatha n'kuyamwa komwe. Anamwino anamuika m'kabokosi kagalasi kotenthetsa. Madokotala anangoti tidikire tione.

Nkhani inawoloka mtsinje tsiku lomwelo. Palibe amene anawauza a Orozbek pamaso kuti ndinu mwachititsa, koma amayi ankadula nkhani iwo akamadutsa pa mpopi. Ine ndinganene kuti ana obadwa masiku asanakwane amabadwa ngakhale m'nyumba momwe mulibe singano. Koma zimenezo n'zosavuta kunena mdzukulu akakhala si wako. A Orozbek, munthu wokhulupirira mafuta ndi sipanala, anayamba kuopa manja awo omwe. Makina anawavundikira ndi nsalu.

Ku chipatala cha amayi, abale saloledwa kulowa. Timaima panja, pansi pa mazenera, n'kumaitana dzina la munthu wathu mpaka asuzumire. Iye amatsitsa chingwe kuchokera m'chipinda chapamwamba, ife n'kumangirirapo msuzi ndi buledi. A Orozbek ankapita m'mawa uliwonse pa minibasi n'kukaima pa chipale, mwamuna yekhayekha pakati pa amayi oitana ana awo. Nawonso ankaitana, "Mairam." Zenera lake silinkatseguka. Tsiku lina mtsikana wa m'chipinda chomwecho anasuzumira n'kuti, "Agona, bambo." Tsiku lina anati, "Ali kwa mwana."

Iwo anamva zomwe anamva. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamulera ndi manja awo, sakufuna kuwaona nkhope. Chimenechi chinawapweteka kuposa mawu onse a mayi Sabira. Khandalo ankaliopera, inde, koma panalinso mantha ena omwe sakanauza munthu: kuti kaya likhala ndi moyo kaya ayi, Mairam sadzawayang'ananso ngati kale.

M'mudzi mwathu wamkulu kuposa onse ndi a Asanali, amene anali mbusa wa mahatchi, ndipo zaka zawo zinapyola makumi asanu ndi anayi kalekale. Mano anatha, koma lilime likadali lakuthwa. A Orozbek anawapeza atakhala pafupi ndi mbaula akukangana ndi wailesi.

"Wabwera kudzandivula iwenso," anatero a Asanali asanamve n'komwe nkhani. "Ndamva zako. Mudzi wonsewu unayamba kuyenda ndi malaya anga. Mwana akangolira penapake, amayi ali pakhomo panga ndi sizasi. Ndikadzafa mudzapeza choti mugawane mulibe."

"Ndithandizeni, agogo. Ine sindidziwa kuti kamasokedwa bwanji."

"Telala wamkulu ngati iwe?"

"Ine si telala."

"Lero ndiye wavomera." Nkhalambayo inayamba kumasula mabatani, inavula jekete, inavula juzi, mpaka kufika pa malaya a m'kati, oyera koma otha, ofewa chifukwa chochapidwa zaka zambiri. Inawavula pomwepo, nthiti zili pamtunda, n'kuwaponyera pamiyendo pa a Orozbek. "Tenga akadali ofunda. Ndawamva amayiwa akulangizana mpaka ndinaloweza. Usapinde m'mphepete. Msoko ukhale kunja. Ulusi usaumange mfundo kumapeto. Ukatha, uveke kaye galu, ndiye ukapereke kwa mwana."

A Orozbek anawapinda malayawo pang'onopang'ono. "Agogo, zimenezi zimathandizadi?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ine ndimangopereka malaya. Ena amakhala, ena amapita. Koma ukapanda kuchita, udzakhala ukudzifunsa mpaka tsiku lako." Anavalanso juzi lawo. "Kalicha uja ndimamukumbuka. Ankathawira kuseri kwa nyumba nkhosa ikamaphedwa. Tseka chitseko potuluka, wandizizira."

Kamalaya kachiwiri anakasoka ndi dzanja, masana, pafupi ndi zenera. Inali ntchito ya kanthawi kochepa, koma inawavuta kuposa chikwama chilichonse cha lona. Zala zinkafuna kupinda m'mphepete zokha, iwo n'kuziletsa. Pomaliza msoko zinkafuna kumanga mfundo, iwo n'kuusiya ulusi uli lende. Katatha kanaoneka ngati kasanza kopukutira mbale, ndipo anachita manyazi kukayang'ana. Kenaka anatuluka kukasaka kagalu ka oyandikana nawo. Anthu anaona mwamuna waimvi akuthamangitsa kagalu pa chipale, akuterereka, mpaka anakagwira n'kukaveka m'mutu. Tsiku limenelo palibe anaseka.

M'mawa mwake anawapeza mayi Sabira pakhomo la chipatala, poto wa msuzi atamumanga mu mpango. Anali ataonda. Nawonso anali ataima pa chipale chomwecho masiku onsewa, kungoti awiriwa ankazembana. A Orozbek anapereka moni n'kutambasula dzanja. Mayi Sabira anaika poto pansi, anatenga kamalayako, anakatembenuza, anayendetsa chala m'mphepete, anakoka pang'ono ulusi wolendewera.

"Ndi a ndani?"

"A Asanali."

"Galu?"

"Ndaveka."

Mayi Sabira anagwedeza mutu. "Ichi ndiye chake." Anagogoda pakhomo, anapereka kwa namwino n'kumunong'oneza mawu angapo. Pobwerera sanawayang'ane a Orozbek kumaso. "Ine ndinaika awiri, asewere, asanabadwe mwamuna wa mwana wanuyu. Onse asanatuluke m'chikuta. Sindinakalipe chifukwa chokudani."

"Ndamva, asewere."

A Orozbek anaona kuti zawo achita. Tsiku limenelo sanafune kuitana. Anayenda m'mbali mwa khoma, maso ali pansi, akulambalala amayi omwe anali atayamba kale kuitana ana awo. Atatsala pang'ono kufika pa ngodya anamva zenera likutseguka pamwamba.

"Ababa."

Anali Mairam, atafunda bulangeti, nkhope itatsala maso okhaokha. A Orozbek anabwerera n'kuima pansi pa zeneralo, chipewa chili m'manja.

"Ababa, kamwana kayamba kuyamwa pang'ono dzulo. Adokotala akuti kakulimba."

"Mulungu atamandike, mwana wanga. Mulungu atamandike."

"Ndinkakumvani mukuitana. Tsiku lililonse ndinkakumvani."

"Palibe kanthu. Ndinalakwa ine. Uli ndi chifukwa."

"Si zimenezo ayi." Mairam anagwira felemu la zenera. "Anakunyozani ine ndili pomwepo, ndikuthira tiyi. Munandilera nokha, ine osanena ngakhale liwu limodzi. Ndikanakuyang'anani ndi nkhope iti?"

Masiku onsewa a Orozbek ankaganiza kuti amene akuzengedwa mlandu m'chipindamo ndi iwo.

"Kaja kabuluu mwakatani, ababa?"

"Ndikakwirira, mwana wanga. Usadandaule nako."

"Mwakakwirira kale?"

Dzanja la a Orozbek linapita lokha pachifuwa, pa thumba la m'kati mwa jekete. Chichokereni kutsidya kwa mtsinje kanali momwemo. Kukatentha analephera, kukakwirira analephera, kukabwezera m'bokosi analepheranso. Mairam anaona dzanjalo. Analowa m'kati, ndipo posakhalitsa chingwe chinayamba kutsika m'mbali mwa khoma.

"Mairam, apongozi ako ali pompano."

"Si ka mwana, ababa. Mwana malaya ake mwamubweretsera, ndiponso ali ndi mayi ake. Ine ndi amene ndilibe. M'chipinda muno aliyense mayi ake amamuitana pa zenera, amamuuza kagonekedwe ka mwana, amamukalipira kuti avale masokosi. Ine ndikufuna kanthu ka amayi anga kokha, ndikaike pachifuwa."

A Orozbek anacheuka. Mayi Sabira anali ataima poteropo, ndipo anali atamva zonse. Anayang'ana chingwe, anayang'ana mpongozi wawo pa zenera. Kenaka anatembenuka, anawerama pa poto wawo n'kuyamba kumasula ndi kumanganso mpango womwe unali womangidwa kale bwinobwino, maso ali kumsewu.

A Orozbek anatulutsa kamalayako. Kanali kofunda ndi thupi lawo, katakwinyika pang'ono. Anakamangirira ku chingwe, ndipo kanayamba kukwera pang'onopang'ono, kakukhula khoma. Amayi omwe anali pafupi anasiya kuitana. Mairam anakalandira ndi manja awiri n'kukaika kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Kalicha, bambo ndi mwana anamulira pamodzi, wina pa zenera, wina ataima pansi pa chipale.